Andiitana ku mayeso a ntchito ya boma, ndiwerenge chani abale?

NachisaleWaChitakale
Moni nonse pagulu pano. Ine ndimakhala ku Chitakale, ndili ndi dipuloma ya human resource. Ndinaaplaya ntchito ya Assistant HR Officer ija inatuluka munyuzi kalekale mpaka ndinali nditaiwalako, nde dzulo mnzanga wanditumizira mndandanda ndangoona dzina langa lilipo. Akuti tiyamba ndi mayeso olemba ku Blantyre, amene akhoze ndi amene adzapite ku intavyu ya pakamwa. Koma palibe pomwe alemba kuti tiwerenge zakuti, palibe silabasi, palibe ma past paper, maina okhawo ndi ambirimbiri pomwe malo ndi ochepa. Amene munadutsamo ndithandizeni, munthu amayambira pati? Ndibwerere ku manotsi a kukoleji kapena ndiziwerenga nyuzi? Mutu wanga sukugwira.

Kabaza_Limbuli
Werengani nambala ya foni ya amalume anu amene ali ku Capital Hill chemwali kkkkk. Ina yonseyo nkutaya nthawi.

NachisaleWaChitakale
Amalume anga amathyola tiyi achimwene, nde tiyeni tikambe zina.

MwanaWaBvumbwe
Mwayamba kale a Kabaza. Munthu wafunsa zanzeru inu mukubweretsa zofooketsa. Chemwali choyamba pezaninso advert ija. Ngati munaitaya funsani anzanu amene munaaplaya nawo, wina ali nayo pafoni. Pamene analemba kuti duties, mzere uliwonse ndi funso. Akalemba kuti kusunga ma file a ogwira ntchito, dziwani kuti akufunsani za personal file ndi zomwe zimakhalamo. Akalemba za tchuthi, dziwani mitundu ya tchuthi. Anthu ambiri amathamangira ku current affairs nkusiya pepala lomwe lawauza kale ntchitoyo.

MadalaAPenshoni
Mwana wanga, ndakondwa kuti dzina lako latuluka. Ine ndinagwira m'boma mbali yomweyo ya za anthu ogwira ntchito mpaka ndinapuma, pano ndikulima nthochi kuno ku Thekerani, nde ndilembako motalika pang'ono, amene atope adumphe.

Manotsi a kukoleji aja usawataye koma dziwa kuti anakuphunzitsa za kampani. Boma limayenda ndi mabuku ake. Buku loyamba ndi Malawi Public Service Regulations, ife timangoti MPSR. M'menemo ndi momwe muli za kulemba munthu ntchito, kumutsimikiza akamaliza probation, kukwezedwa, kusamutsidwa, tchuthi, mwambo ndi chilango, kuimitsa munthu poyembekezera mlandu, mpaka kupuma. Munthu wofuna ntchito ya HR m'boma osadziwa MPSR akafika pa panel amaonekera pa funso loyamba lomwe. Lachiwiri ndi Public Service Act ya 1994. Lachitatu ndi Constitution, osati yonse ayi, koma udziwe nthambi zitatu za boma, udziwe Chapter 4 ya ufulu wachibadwidwe, ndipo makamaka section 43. Imeneyo imanena kuti munthu akamapangiridwa chiganizo ndi ofesi ya boma chimene chikukhudza ufulu wake, chichitike mwachilungamo ndipo apatsidwe zifukwa zolembedwa. Milandu yambiri imene boma limaluza kukhoti pa nkhani ya kuchotsa anthu ntchito imagwera pomwepo, munthu anamuchotsa osamumva mbali yake. Nde akakufunsa kuti mesenjala wajomba masiku ambiri popanda chifukwa utani, usathamangire kunena kuti ndimuchotsa. Iwe ulibe mphamvu imeneyo. Umayamba kumulembera, ayankhe, nkhani ipite ku komiti yoona za mwambo, kenako kwa amene ali ndi mphamvu yopereka chilango.

Udziwenso kuti olemba ntchito m'boma si amodzi. Pali Civil Service Commission, pali Teaching Service Commission ya aphunzitsi, Health Service Commission ya azaumoyo, Local Government Service Commission ya m'makhonsolo, apolisi ali ndi yawo, a Judiciary ali ndi yawo. Pamwamba pa ndondomeko zonse za ogwira ntchito pali Department of Human Resource Management and Development, timangoti DHRMD. Ambiri amasokoneza ntchito ya DHRMD ndi ya Commission, funso limeneli ndi lokondedwa kwambiri.

NachisaleWaChitakale
Zikomo kwambiri bambo, ndalemba zonsezi mukope. MPSR yo ndingaipeze kuti? Ndafufuza pa intaneti ndikungopeza zidutswa.

MadalaAPenshoni
Pita pa boma pomwepo, ku ofesi ya HR ya khonsolo kapena ya zamaphunziro, ulankhule mwaulemu kuti ndaitanidwa ku mayeso ndikupempha ndione buku. Ambiri sakana. Mwina sakupatsa kuti upite nalo kunyumba chifukwa limakhala limodzi lokha lothothoka masamba, koma ukhoza kukhala pabenchi nkumalemba. Ndipo uli pomwepo upemphe akuonetse loose minute ndi memo, makalata olemberana mkati mwa ofesi, mmene zimalembedwera.

Chinanazi265
Malamulo enawo ali pa webusaiti ya MalawiLII ulele, Constitution, Public Service Act, Employment Act zonse. Dawunilodani usiku ndi bandulo ya usiku ija. Ine ndili ndi PDF ya Malawi 2063, masomphenya a chitukuko cha dziko aja, amene akuifuna anene ndiponye.

Mphunzitsi_Goliati
Ponyani. Ndipo pa 2063 pomwepo ndiwonjezere, chifukwa masiku ano palibe intavyu ya boma imene imatha osaitchula. Anaikhazikitsa mu January 2021 kulowa m'malo mwa Vision 2020, amene amaiyang'anira ndi National Planning Commission. Nsanamira zake ndi zitatu, ulimi wopindulitsa ndi wamalonda, mafakitale, ndi kukula kwa mizinda. Pansi pake pali ma enabler 7, zinthu zothandiza kuti nsanamirazo zitheke, ndipo awiri amene akukhudza inu mwachindunji ndi enhanced public sector performance ndi human capital development. Gawo loyamba la zaka khumi ndi MIP-1, kuyambira 2021 mpaka 2030. Koma musangoloweza ngati ndakatulo ya sitandade 5. Amakonda kufunsa kuti iweyo pampando wako wa grade K uthandiza bwanji kuti 2063 itheke. Pamenepo ndi pomwe anthu amayamba kuyang'ana kudenga.

Kabaza_Limbuli
2063 tonse pano tidzakhala tili kumanda aphunzitsi. Ine digiri ndili nayo, ya social science, ili mu sutikesi pansi pa bedi, ndikuthamangitsa njinga pa Limbuli mpaka Muloza tsiku lililonse. Ma enabler onsewo ndimawadziwa pamtima kuposa inu. Ndalemba mayeso, ndavala jekete yobwereka, ndadikira mpaka kutopa. Nde mukamanena kuti werengani werengani ine ndimangoseka. Muuzeni zoona mwanayu kuti maina amakhala atalembedwa kale.

MwanaWaBvumbwe
Inu munawaona mainawo?

Kabaza_Limbuli
Sufunika kuona mphepo kuti udziwe kuti ikuomba aise.

AnaphiriAkuMakwasa
A Kabaza ululu wanu ndikuumva ndipo sindikutsutsani kuti zachinyengo kulibe, a Ombudsman akhala akufufuza nkhani za kulembana ntchito mokondera m'mabungwe a boma ndipo anthu ena anachotsedwa m'mipando chifukwa cha zomwezo. Koma kunena kuti aliyense amalowa ndi m'bale ndi kutinyoza ife ena. Ine bambo anga anali mlonda pa esiteti, mayi anga amagulitsa zitumbuwa, palibe amene ndimamudziwa ku Lilongwe ngakhale mmodzi. Ndinalowa ngati Clerical Officer, grade M, ndi MSCE yanga basi. Mmene ndinakonzekerera ndi mmene akunenera a Madalamu, kuwonjezera masamu. Tsiku la mayeso theka la anthu mu holo muja anali atabwera ndi maganizo ngati anuwa, akuti tangobwera kudzaperekeza, ena anatuluka nthawi isanathe. Amenewo anadzichotsa okha, palibe amalume a munthu amene anawachotsa.

Kabaza_Limbuli
Chabwino mayi, inu munali ndi mwayi. Koma amene anakhala mpaka kumapeto nkukhoza bwinobwino osatengedwa aliponso.

AnaphiriAkuMakwasa
Alipo ndithu, malo akakhala 20 anthu 2000 ndiye kuti okhoza ambiri atsala. Zimenezo sindikana.

Chinanazi265
Poti mwatchula masamu tiyeni tiyese pompano tione. Thumba la feteleza linali K40,000, lakwera ndi 25%, kenako latsika ndi 25%. Pano lili pa zingati? Osagwiritsa calculator, mu mayeso ambiri salola.

Kabaza_Limbuli
Feteleza wa 40 pin mwamuona kuti inu kkkkk. Ndipo ku Malawi kuno chinthu chikakwera sichitsika, funso lanu ndi labodza.

NachisaleWaChitakale
K40,000 yomweyo?

Mlomwe_Original
40,000 basi, wakweza 25 watsitsa 25 zafanana.

Chinanazi265
Mwagwa nonse awiri. Likakwera ndi 25% lafika K50,000. Potsika tikuchotsa 25% ya 50,000 yo, imene ndi 12,500, nde latsala K37,500. Mafunso a aptitude amakhala otere, si ovuta koma amakutchera msampha ndipo nthawi imakhala yochepa, mwina mphindi imodzi pa funso. Nde chemwali tengani buku la masamu la fomu 2, osati la fomu 4, mubwereze percentage, ratio, average, simple interest, ndi zija zoti anthu 6 amamaliza ntchito masiku 10 nanga anthu 4. Tsiku lililonse mafunso makumi awiri mutaika wotchi patsogolo. Funso likakukanikani lidumpheni, mudzabwerera. Anthu amafera pa funso limodzi mphindi khumi chifukwa cha mtima wosafuna kugonja.

Mlomwe_Original
Masiku 15 amenewo. Ndabweza ulemu wanga.

Chinanazi265
Mwakhoza akulu.

Mphunzitsi_Goliati
Chingerezinso musachipeputse. Comprehension, kufupikitsa ndime, ndi kulemba kalata kapena memo. Ana athu ambiri a dipuloma ndi digiri akulemba ngati akulemba pa WhatsApp, "u" m'malo mwa "you", palibe full stop. Wochonga akaona zimenezo m'mizere itatu yoyamba mtima watha kale. Tengani nkhani imodzi mu Nation kapena Daily Times, muiwerenge, mutseke nyuziyo, mulembe m'mizere isanu zomwe yanena. Mukatero mwaphunzira Chingerezi ndi current affairs nthawi imodzi. Nyuzi simukuyenera kugula, pitani ku laibulale pa boma.

Sapitwa3002
Pa current affairs samalani ndi manotsi akale amene akuzungulira m'magulumu. Pali PDF ina ikunenabe kuti chaka cha boma cha zachuma chimayamba 1 July. Zinasintha, kuyambira 2022 chimayamba 1 April kutha 31 March. Ikunenanso kuti aphungu ndi 193, pomwe pa chisankho cha 16 September 2025 madera anali 229. Public Finance Management Act imene ikugwira ntchito ndi ya 2022 osati ya 2003. Staff Development Institute ya ku Mpemba ndi Malawi Institute of Management anaziphatikiza kukhala Malawi School of Government. Munthu ukaloweza zakalezo umakalemba ndi chidaliro chonse uli wolakwa. Maina a nduna ndi ma PS (alembi akulu a maunduna) musaloweze lero, mudzaone sabata yomaliza chifukwa amasinthasintha.

Mlomwe_Original
Ndipo akakufunsani za kwanu musachite manyazi, phiri lathu la Mulanje linalowa pa mndandanda wa UNESCO wa World Heritage mu 2025. Ameneyo ndi current affairs wa pakhomo.

MwanaWaBvumbwe
Phiri lanu liti, mikungudza munamaliza kudula inu a ku Mulanje kkkk

Mlomwe_Original
Inu a ku Thyolo musayambe, phiri lanu lija munalimeta mpala mpaka pamwamba mwadzala chimanga. Ife bola tikadali ndi poti nkuloza.

MwanaWaBvumbwe
Ife tikudyetsa Blantyre yense ndi kabichi ndi tomato wa pa Bvumbwe, inu mukudyetsa ndani ndi miyala?

Mlomwe_Original
Madzi amene akumwa ku Blantyre ena akuchokera ku Likhubula, funsani. Tikatseka mpopi kabichi wanuyo adzadya wosatsuka.

Sapitwa3002
Nkhani ya mitengoyi si yoseketsa kwenikweni. Amene tinaona namondwe Freddy mu March 2023 mmene madzi ndi miyala zinatsikira m'phiri sitiseka. Ndipo chemwali zimenezinso zikhoza kubwera, za ngozi zogwa mwadzidzidzi, nthambi yoona za ngozizi ya DoDMA ili pansi pa ofesi iti, khonsolo imachita chani.

Admin_Luchenza
Abale za mapiri mukapitirize ku inbox. Tibwerere kwa mwini funso. Ndipo ndichenjeze pompano, dzulo ndachotsa nambala ina pagulu pano imene imatumizira anthu mauthenga kuti ili ndi mapepala a mayeso. Aliyense wotero ndikumuchotsa osafunsa.

NachisaleWaChitakale
Eee a Admin mwandikumbutsa. Lero m'mawa wina wandiimbira, mwamuna wolankhula bwino kwambiri, wanditchula dzina lonse ndi ntchito yomwe ndinaaplaya. Akuti ali mkati mwa olemba ntchitowo, nditumize K150,000 pa foni dzina langa alisunge pa mndandanda womaliza, akuti otsala ndi malo atatu okha nde ndifulumire lisanafike Lachisanu. Ndinamuuza kuti ndiganize kaye. Mayi anga akuti tigulitse mbuzi. Nanga dzina langa walidziwa bwanji ngati sali mkati?

AnaphiriAkuMakwasa
MUSATUMIZE. Mbuzi zisiyeni m'khola.

Chinanazi265
Dzina walidziwa chifukwa mndandanda uli pa Facebook ndi m'magulu onse, ngakhale ine ndauona. Nambala kupeza sikuvuta, mwina munailemba pa gulu lina la ofuna ntchito. Anthu amenewa amaimbira aliyense pa mndandandapo. Pa anthu 300 akapusitsa 30 wapeza ndalama zoposa 4 miliyoni osatuluka thukuta. Ndipo mwa 30 amenewo mmodzi kapena awiri adzakhoza okha ndi nzeru zawo, nde adzapita uku akulalikira kuti bwana uja ndi weniweni anandithandiza. Ndi mmene bodzali limakhalira ndi moyo.

MadalaAPenshoni
Mwana wanga, ntchito ya boma salipira. Palibe ndalama ya fomu, palibe ya intavyu, palibe yosungitsa dzina. Ndipo Corrupt Practices Act imagwira onse awiri, wolandira ndi wopereka. Sunga nambalayo ndi uthenga uliwonse umene watumiza, ukanene kupolisi kapena ku ACB. Uwauze mayi ako kuti ndalama ya mbuziyo ngati ilipo ikhale ya thiransipoti ndi malo ogona.

Kabaza_Limbuli
Apa ndigwirizana nawo a Madala. Msuweni wanga anatumiza ndalama kwa wina wotere, tsiku lotsatira nambala sikupezeka mpaka lero. Amene ali ndi m'bale weniweni saimbiridwa foni ndi mlendo, zimakambidwa pa maliro kumudzi.

MwanaWaBvumbwe
Kkkkk a Kabaza ngakhale povomera mumaponyamo kamwala.

NachisaleWaChitakale
Ndamva abale, sinditumiza. Waimbanso kawiri sindinayankhe.

NamwinoWaChonde
Ine ndikambe za mapepala chifukwa anthu amakonzekera mutu nkuiwala envelopu. Tengani ma original onse, MSCE, dipuloma, transcript, chiphaso cha NRB, ndi kalata kapena uthenga wokuitanani. Mafotokope akhale odindidwa ndi Commissioner for Oaths, kwa majisitireti kapena kwa DC kapena loya, ndipo chitani sabata ino osati tsiku lomaliza chifukwa mukhoza kupeza bwana wapita ku msonkhano. Onaninso kuti dzina likufanana paliponse. Pa intavyu yathu panali mtsikana wina, pa MSCE dzina la bambo ake, pa ID dzina la mwamuna wake, pa dipuloma chilembo chimodzi chosiyana, anamubweza pakhomo kuti akabweretse affidavit, kalata yolumbirira kuti mainawo ndi a munthu mmodzi, analira mpaka ife tonse tinasokonezeka. Ngati zanu zili choncho konzani affidavit pano. ID ngati inatha nthawi pitani ku NRB mukafunse msanga. Zonse muike mu pulasitiki, nyengo ya chiperoni ino mukhoza kufika ku Limbe satifiketi itanyowa.

NachisaleWaChitakale
Dzina lili bwino mayi, koma dipuloma yeniyeni sinatuluke, ndili ndi kalata ya kukoleji yonena kuti ndinamaliza ndi transcript. Zikwana?

NamwinoWaChonde
Kwa ife ena analoledwa ndi kalata yotero koma imbani pa nambala ya ofesi imene ili pa advert mufunse, musadalire za ine. Ndipo pitani kukoleji mukakumbutse.

Mphunzitsi_Goliati
Za ulendo. Musayerekeze kunyamuka m'mawa wa tsiku lomwelo. Minibasi ya pa Chitakale imati tikunyamuka pompano koma iima pa Chisitu, iima pa Nkando kudikira anthu, mukafika pa Limbe muyambenso kusaka ina. Mayeso akati 8 koloko chitseko amatseka. Pitani dzulo lake mukagone kwa m'bale ku Bangwe kapena ku Chigumula, madzulo omwewo mukaone malowo kuti geti lili mbali iti. Zolembera ziwiri zakuda kapena zabuluu, pensulo, rula. Foni mukazimitse ndithu osati silent.

Mlomwe_Original
Ndipo musadye zachilendo usiku umenewo. Ine ndangonena.

Sapitwa3002
Kkkkk pali nkhani apa akulu, tafotokozani.

Mlomwe_Original
Palibe nkhani. Chips cha pa Limbe ndi mayeso a maola atatu sizigwirizana basi.

WaInternship
Funso langa ndilowetse pomwepa. Ine ndinagwirako pa khonsolo ina ngati intern pansi pa pulogalamu ya boma ija inayamba 2018. Kodi zimenezi zimawerengedwa ngati experience? Ndipo ena akuti akazi ali ndi mwayi woposa ife chifukwa cha 60:40, zoona?

MadalaAPenshoni
Internship uitchule ndithu, utenge ndi kalata kwa amene amakuyang'anira. Siikupatsa malikisi pa pepala lolemba koma pa intavyu ya pakamwa ndi chuma, chifukwa ukamayankha umapereka chitsanzo cha zomwe unagwira ndi manja ako. Wina akamati ndinaphunzira kuti ma record ndi ofunika, iwe ukuti ndinapeza ma file a aphunzitsi opuma atasakanikirana ndi a amene akugwira, ndinawasanja motere. A panel amadzuka pamenepo.

Za 60:40 zili mu Gender Equality Act ya 2013. Imanena kuti polemba anthu ntchito m'boma pasakhale mbali imodzi, amuna kapena akazi, yoposa 60 pa 100 kapena yochepera 40 pa 100. Sikuti mkazi wolephera amutenga kusiya mwamuna wokhoza, munthu ayenera kukhala ndi zomuyenereza kaye. Ndipo lamulolo likuteteza amuna chimodzimodzi pa ntchito zomwe akazi amachuluka. Iwenso Nachisale uliwerenge, ndi funso la HR limenelo.

Kabaza_Limbuli
A Madala funso limodzi lokha, moona mtima. Pa zaka zonse munakhala m'boma simunalandireko foni yochokera kumwamba kuti dzina lakuti muliyang'ane bwino?

MadalaAPenshoni
Mafoni otero amabwera mwana wanga, ndinganame bwanji. Koma ndikuuze mmene zimakhalira m'chipindamo. Pa panel pamakhala anthu angapo, wa ku Commission, wa ku unduna umene ukufuna munthu, ndi katswiri wa ntchitoyo. Aliyense ali ndi pepala lake, amapereka malikisi payekha, kenako amaphatikiza nkusayina onse. Kukweza munthu amene wangoti kakasi pa mafunso onse kumafuna kuti onsewo agwirizane kunama ndi kusayinira bodzalo, ndipo si onse amalola, ena amaopa, ena ndi anthu a Mulungu basi. Kumene chinyengo chimalowa mosavuta ndi pamene anthu awiri afanana malikisi, kapena pamene ntchito yaperekedwa mwakachetechete osalengeza nkomwe. Ndi chifukwa chake ine ndimakonda mayeso olemba, pepala lili ndi nambala, wochonga sadziwa kuti ndiwe mwana wa ndani. Amene amavutika kumuponda ndi amene wasiya anzake patali. Sindikukulonjeza kuti dziko ndi lolungama, ndikungokuuza pomwe mphamvu yako ili.

Iwenso digiri yakoyo uitulutse mu sutikesi. Grade I imafuna digiri, ndipo a social science amalowa ngati Administrative Officer. Zaka zikamapita ma advert ena amaika malire a msinkhu.

Kabaza_Limbuli
Ndamva bambo. Tiona. Koma jekete ija mwini wake anaitenga.

MwanaWaBvumbwe
Jekete ndikubwerekani ine aise, bola musakaikwerere njinga.

AnaphiriAkuMakwasa
Za intavyu ya pakamwa tidzakambe mukakhoza chemwali, koma yambani pano kuyankhula mokweza. Funso loti tiuzeni za inu limaoneka lophweka koma anthu amayamba ndi ndinabadwira ku Mulanje Mission m'banja la ana asanu ndi atatu, mphindi zisanu zatha asanafike pa sukulu. Nenani maphunziro, zomwe mwagwirapo, ndi chifukwa chomwe mukufunira ntchitoyi, basi. Ndipo akakufunsani ngati mungapite kulikonse muyankhe mukudziwa kuti akunena zoona. Maboma ndi 28, akhoza kukuponyani ku Chitipa kapena ku Nsanje. Ine anandiyambitsira kutali ndi kwathu, malipiro oyamba anachedwa miyezi, ndinkadya za ngongole pa grocery. Musunge kandalama kapena mukhale ndi wokuthandizani miyezi yoyambayo.

NachisaleWaChitakale
Kulikonse ndipita mayi, ngakhale ku Likoma pa boti. Nde ndapanga chonchi, m'mawa ndisanapite kukathandiza mayi kumsika masamu, masana ndikapeza mpata MPSR pa boma, madzulo nyuzi ndi nkhani za pa wailesi. Vuto magetsi, usiku kwathu kuno akumazima nde foni imakhala yatha moto.

Sapitwa3002
Sindikizani mapeji ofunikawo pa pepala, musadalire foni. Constitution musasindikize yonse mudzalira ndi mtengo, Chapter 3, Chapter 4 ndi gawo la Civil Service Commission zakwana.

WaInternship
Ine ndili pa Nkando, nanenso dzina langa latuluka pa ya Assistant Accountant. Bwanji tizikumana Loweruka amene tili pafupi tizifunsana mafunso? Ndili ndi manotsi a IFMIS, sisitemu ya pakompyuta yoyendetsera ndalama za boma, ndi za procurement.

Chinanazi265
Ndibwera ndi mafunso a masamu. Malo akhale pa boma, ndi pakati kwa onse.

MwanaWaBvumbwe
Pakati kwa ndani? Ife a ku Thyolo tikwere ma minibasi awiri? Luchenza ndiye pakati.

Admin_Luchenza
Luchenza ndavomereza, ndipempha kalasi pa sukulu ina pafupi ndi msika. Amene mubwere lembani maina ku inbox kwanga pofika Lachinayi kuti ndidziwe mabenchi angati. Loweruka 9 koloko, aliyense abwere ndi kope lake ndi ya thiransipoti yake, za ma allowance kulibe.

Mlomwe_Original
Popanda allowance ndiye maphunziro a boma ake ati amenewo kkkkk

Kabaza_Limbuli
Ochokera mbali ya Muloza ndi Limbuli ndikhoza kunyamula mmodzi mpaka pa Chitakale, mafuta tigawana. A Chinanazi PDF ya 2063 ija simunaponyebe.

Chinanazi265
Netiweki akulu, ikuzungulira. Ikakana ndibwera nayo pa flash Loweruka.